Mena ndi Chitsulo cha pa Zobue

Zobue, 1993

Ana anga, mwakhala mukundifunsa za chipsera chili pa chala changa chachikulu chakumanja. Ena a inu ndinakuuzani kuti ndi galu, ena ndinati ndi waya wa pa mpanda. Tsopano ndakalamba, ndipo sindikufuna kukaima pamaso pa Woweruza ndi mabodza awiri pa chala chimodzi. Amene anandiluma ndi mwana wasukulu, ndipo anandiluma ndili pakati pa pemphero.

Ntchito yanga yoyamba ya boma ndinaiyamba pa Zobue, patangotha chaka chimodzi mtendere utabwera. Tinali titangobwerera kuchokera ku Malawi, ine ndi amayi anu, mkulu wanu Jowana ali kumsana, katundu yense pa njinga imodzi. Kothawa nkhondo kuja ndinkathandiza kuphunzitsa ana pansi pa mtengo, choncho atandiuza kuti ndikupita ku sukulu ya zipupa ndinaona ngati ndikulowa m'dziko la mkaka ndi uchi. Zipupazo ndinazipezadi, koma denga nkhondo inali itadya kale. Mwana aliyense ankabwera ndi njerwa kapena chitini choti akhalire. Jizi wolembera pa bolodi ankasungidwa m'thumba la a Diretolo, ndipo m'mawa uliwonse ankatibenthulira kachidutswa kamodzi, ngati mana a m'chipululu, kokwanira tsiku limenelo basi. Kakatha tinkalemba ndi chinangwa chouma. Chinangwa chimalemba bwino ndithu, koma ukangochisiya pa meza, pa tebulo paja, n'kutembenuka, ukapeza wina wachitafuna.

A Diretolo athu anali a Alfazema, munthu wamfupi, wa tayi imodzi yofiira imene sinkachoka pakhosi ngakhale dzuwa litaswa mtengo. Sanali munthu woipa, koma ankakonda zinthu ziwiri: kuopedwa, ndi mbatatesi yokazinga ya ku malire. Pa sukulu yonse relojo inali imodzi, ndipo inali pamkono pawo. Choncho nthawi inali yawo. Belu lathu linali mkombero wa gudumu la kamiyawo, galimoto yonyamula katundu, imene inapsa pa msewu wa ku Tete m'masiku a nkhondo. Tinaupachika pa mtengo wa mango, tinkangoutchula kuti chitsulo, ndipo unkalira a Diretolo akaukumbukira. Tsiku lina intelevalo, nthawi yoti ana apume, inkatha mwana asanatsirize kusenda nthochi. Tsiku lina a Diretolo ankatsetserekera ku malire kukacheza ndi a kasitomu, ndipo intelevalo inkatalika mpaka mbale yawo ya mbatatesi itayera. Ife aphunzitsi atatu sitinkadandaula. Mayi Luwiza, mnzanga wa turuma yachiwiri, kapena kuti kalasi yachiwiri, ankapezerapo mpata wogulitsa zitumbuwa.

M'turuma yanga munali kamtsikana ka zaka zisanu ndi zitatu, Filomena, amene tonse tinkamutchula kuti Mena. Sankayang'ana munthu m'maso. Ukamupatsa moni sankayankha, ukamupatsa chinthu ankalandira ndi dzanja limodzi osagwada, ndipo ine ndinkawerenga zonsezi ngati machimo. Ankakhala malo amodzi, pakona pafupi ndi chipupa, akundanda zitsekerero za mabotolo pamzere, thupi likugwedezeka chamtsogolo ndi cham'mbuyo. Mawu ake anali ochepa, ndipo ambiri anali otola kwa ena. Chimene anatola bwino koposa chinali mfuu yoletsa phokoso, “Silensiyo!” wa a Diretolo. Ankamutulutsa ndi mawu awo enieni, kachifuwa kawo komwe, mwakuti tsiku lina Mayi Luwiza anabisa dengu la zitumbuwa pansi pa nsalu, nkhope ili gwa, pomwe a Diretolo anali ku malire.

Koma vuto lalikulu linali chitsulo. Chikangolira, Mena ankakuwa ngati wapsa ndi madzi otentha. Ankagwira makutu, kumenyetsa mutu ku chipupa, kenako kuthawira pansi pa meza yanga, ndipo aliyense womukokamo ankakumana ndi mano. Phunziro linkathera pomwepo. Anyamata ena atazindikira zimenezi anayamba kugenda chitsulo ndi miyala kuti aone sewero laulere, makamaka nthawi ya masamu.

Aliyense anali ndi tanthauzo lake. Ena ankati mwanayo akukumbuka mfuti, koma Mena anabadwira ku Malawi ndipo mfuti anali asanaimvepo. Ena ankati anthu amene anafera m'kamiyawo ija akulankhula m'chitsulomo. A Diretolo ankati ndi mwano chabe ndipo mankhwala ake ndi ndodo. Ndikuvomereza pamaso pa Mulungu kuti ndinayesa ndodoyo kamodzi. Mwanayo sanalire. Anayang'ana kudenga kumene kunalibe denga, n'kunena kuti, “Silensiyo!” Ndodo ndinaitaya m'chimbudzi, ndipo ndinaganiza kuti ichi ndi chiwanda, cha mtundu uja wosatuluka popanda kusala kudya.

Ndinasala masiku awiri, ndinaitana akulu a mpingo awiri, ndipo tinamuzungulira Mena pakona pake. Sindinkadziwa kuti palibe chimene mwanayo ankadana nacho ngati kugwidwa pamutu. Ndinamusanjika manja onse awiri, ndinatseka maso, ndinakweza mawu. Nthawi yomweyo a Diretolo anakumbukira chitsulo. Chimene chinatsatira ndi chipsera mukuchionachi. Mkulu wa mpingo mmodzi ananena kuti, “Abale, ichi n'cha gulu lalikulu,” ndipo anakatsirizira pemphero lake kuseri kwa mtengo wa mango.

Zobue, 1994

Mwambo wa sukulu zathu unali woti kholo limaitanidwa pakakhala mlandu basi. Amake Mena ndinali nditawaitana kasanu. Ulendo uliwonse ankagwada pakhomo, ine n'kuwalalikira za kulera mwana m'njira yoyenera, iwo n'kunena kuti, “Ndamva, a Pulofesolo, pepani,” n'kumapita. Nditalumidwa, amayi anu anandimanga chala ndi kansalu, nati, “Pitani kwawoko mukawaonetse. Mwina angakugwirireni nkhuku.” Ndinapita Loweruka lina, osati chifukwa cha nkhuku, ngakhale kuti akanandipatsa sindikanakana.

Nyumba yawo sindinachite kufunsa. Ndinaimva ndili kutali. Bambo ake a Mena, a Domingu, anali okhoma zidebe ndi mbaula, ndipo pakhomo pawo panali phokoso loposa la chitsulo chathu kakhumi. Ndinaima pa mpanda, maso ali tong'o. Mena anali atakhala pafupi ndi bambo ake penipeni, akundanda zitsekerero zake, mtima uli m'malo. A Domingu asanakweze nyundo ankati, “Mena, ndikumenya.” Mwanayo ankaika zala m'makutu, nyundo n'kugwa. Akasiya kwa kanthawi n'kufuna kuyambanso, ankabwereza, “Mena, ndikumenya.” Kenako ndinaona mwanayo akutenga nyundo yaing'ono n'kuyamba kukhoma chitini yekha, mwamphamvu, akumwetulira. Chaka chonse ndinali ndisanaonepo mano ake pa ntchito ina.

Amake anandiyalira mphasa. Ndinawafunsa kuti zimenezi zikutheka bwanji.

“Phokoso loti akudziwa kuti likubwera amalipirira,” anatero. “Loti wapanga yekha amalikonda. Koma lomudzidzimutsa limamulowa m'mutu ngati mavu. Ine ndikafuna kusinja ndimamuuza. Kukabwera alendo ndimamuuza dzulo lake. Ngakhale ndiwo zikasintha ndimamuuza.”

“Nanga mayi, bwanji simunandiuze zonsezi?”

Anayang'ana pansi, koma ndinaona kuti akulimbana ndi kuseka. “Munandifunsa, a Pulofesolo? Inu mumalalikira bwino kwambiri. Munthu sapeza polowera.”

A Domingu anaika nyundo pansi n'kuyang'ana chala changa. “Pepani ndithu. Koma kulumaku watengera kwa amake. Kwathu kulibe oluma.”

“Kwanu kulibe mano,” anatero amake Mena. “Mulume ndi chiyani?”

A Domingu anaseka, ndipo ndinaona kuti mkazi wawo sananame. Ndinabwerera wopanda nkhuku, koma panjira ndinakumbukira mneneri uja amene anafunika kudzudzulidwa ndi bulu wake kuti aone chimene chinaima patsogolo pake. Ine ndinali nditasala masiku awiri kufunafuna yankho limene linali pakhomo pa wokhoma zidebe.

Lolemba ndinapempha a Diretolo kuti asanamenye chitsulo azituma mwana kudzatichenjeza. Anagwira tayi yawo. “Ine, Diretolo, ndizipempha chilolezo kwa mwana wa turuma yoyamba?” Ndiye ndinayesa njira ina. Ndinati munthu wa udindo wawo sayenera kumavutika ndi zitsulo ngati wogulitsa makala, bwanji ntchitoyo tipatse mwana, iwo azikhala omasuka kuyendera malire. Nkhope yawo inawala. Koma relojo yawo anati sichoka pamkono, choncho ndinatenga ya kunyumba kwathu, yapameza, imene amayi anu ankadzukira kupita ku mapemphero a m'mawa. Anandiuza kuti ndabwereka, sanandipatse. Pa katoni ndinajambula nkhope zinayi za relojo: yolowera, ya intelevalo, yobwerera, ndi yowerukira. Ndinamuonetsa Mena kuti mivi ikafanana ndi chithunzi, amenye. Amake anamupatsa thonje la m'makutu, bambo ake anamupatsa chipewa chawo chaubweya ndi nyundo yaing'ono ija.

Tsiku loyamba anaima pansi pa mango, chipewa chitafika m'maso, nanena mokweza kuti, “Mena, ndikumenya.” Ndipo anamenya. Sanakuwe. Anabwerera pakona pake ngati munthu wochokera kumunda. Anyamata ogenda aja anasiya okha, chifukwa Mena ankakhala maso ali pa chitsulo chake, ndipo mbiri ya chala changa inali itafika m'midzi yonse.

Tinkayesa kuti tapeza mpumulo, koma tinali titadziitanira chilamulo chochokera kuphiri. Nthawi inafika pa sukulu yathu, ndipo inalibe chifundo. Chitsulo cholowera chinkalira ife aphunzitsi tikadali panjira, ndipo tinkafika tikuthamanga, ana ali pamzere akutiyang'ana. Intelevalo inakhala mphindi khumi ndi zisanu zenizeni, Mayi Luwiza n'kumabwerera ndi theka la zitumbuwa. A Diretolo ankafika kuchokera ku malire milomo ikunyezimira mafuta, n'kupeza sukulu yonse ili m'kati ikuphunzira popanda iwo. Tsiku lina la tchuthi ndinaiwala kumuuza Mena, ndipo anadzamenya chitsulo monga mwa masiku onse. Ana anabwera, ine ndinathamanga ndi sopo kumutu, ndipo tinaphunzira mpaka masana chifukwa panalibe wolimba mtima woti amuuze.

Musaganize kuti mwanayo anasanduka wina. Analumabe mnyamata amene anamwaza zitsekerero zake. Ndikasintha malo a meza osamuuza, m'mawa wonse unkawonongeka. Chipwitikizi chinkamuvuta, ndipo moni sanayambe kuyankha. Koma manambala ankalemba bwino, anayamba kukopera mawu a pa bolodi, ndipo ine ndinaphunzira kumuuza zinthu zisanachitike, kusamugwira pamutu, ndi kusiya kuwerenga dzanja limodzi lija ngati tchimo. Loweruka lililonse ndinkapita kwa a Domingu, ndipo ndinkayesetsa kufunsa kawiri ndisanalalikire kamodzi.

Zobue, 1995

Kalata inabwera kuchokera ku Moatize yoti Lachitatu lina kudzabwera a Inshipetolo, woyendera sukulu za m'boma lonse. A Diretolo anachapa tayi. Tinapaka laimu miyala yonse ya pabwalo, ndipo jizi anagawidwa wathunthu koyamba. Lolemba lake anandiitana mu ofesi, natulutsa pepala lolembedwa kale. Linkati Filomena ndi wodwala misala, ndi woopsa kwa ana anzake, ndipo achotsedwe sukulu. Panatsala dzina la mphunzitsi wake.

“Senyolo Diretolo, mwanayu sanakuwe miyezi itatu.”

“Ndipo ine sindinadye mbatatesi mwamtendere chaka chathunthu. Taganizani, Pulofesolo, mlendo wa boma akulankhula, kamwana n'kunena kuti silensiyo ndi mawu anga. Sainani.”

Ndikanakonda kukuuzani kuti ndinakana pomwepo. Sindinakane. Pa ntchito ndinali ndisanakhazikike, amayi anu anali oyembekezera, ndipo dzina langa likanalembedwa bwino kapena moipa ndi dzanja la a Alfazema. Ndinapempha kuti andipatse masiku, ndi kuti pakali pano ndikauza amake amusunge kunyumba Lachitatu lokhalo. Ndinachita ngati bwanamkubwa uja wosamba m'manja. Amake Mena atamva anapukusa mutu.

“Lachitatu ndi tsiku la sukulu, a Pulofesolo. Munamuphunzitsa ndinu. Ndiyesa kupita naye kudimba, koma miyendo ndi yake.”

Lachitatu a Diretolo anamenya okha chitsulo cholowera. A Inshipetolo anafika pa njinga yamoto, munthu wamtali, wa magalasi, fumbi lili mbuu. Tinaimika ana onse pabwalo, tinakweza mbendera, ndipo mlendo anakwera pa chitsa nayamba kulankhula. Ana anga, ine ndamva alaliki ambiri, ndipo inenso ndine mmodzi wa iwo, koma munthu uja anali ndi mphatso. Anayambira pa nthawi ya atsamunda. Dzuwa litakwera anali atangofika pa ufulu. Ana ang'onoang'ono anayamba kukhala pansi mmodzimmodzi, wina anakodza pomwe anaima, ndipo Chipwitikizi chake n'chimene ambiri sankachimva n'komwe. Ine ndinkapemphera chamumtima kuti Ambuye afupikitse masiku amenewo chifukwa cha osankhidwa.

Kenako ndinaona chipewa chaubweya chikutuluka m'chimanga. Mena anali ndi matope a kudimba mpaka m'mawondo. Analowa m'turuma, anayang'ana relojo yathu pa meza, anatuluka ndi nyundo. Anadutsa pakati pa mizere osayang'ana munthu, anadutsa kutsogolo kwa a Inshipetolo ngati akudutsa chitsa, naima pansi pa mango. Kumbuyo kwake amake ankabwera akuthamanga, khasu lili m'manja.

“Mena, ndikumenya.”

Mpanda wa Yeriko sunagwe msanga ngati mmene mizere ija inagwera. Chaka chathunthu ana anali ataphunzira kuti intelevalo ya Mena ndi yaifupi ndipo siyembekeza munthu. M'kuphethira kwa diso bwalo linali mbee. A Inshipetolo anatsala dzanja lili m'mwamba, pakamwa pali yasa, akulankhula kwa aphunzitsi atatu, mayi wa khasu, ndi mbuzi imodzi.

A Diretolo anatuluka thukuta mpaka tayi inada. “Senyolo Inshipetolo, pepani kwambiri. Mwanayu ndi wamisala. Nkhani yake tatha kale, pepala ili, pangotsala dzina la mphunzitsi wake.” Anatulutsa pepala lija m'thumba, nandipatsa cholembera pamaso pa mlendo. Amake Mena anagwada pa fumbi. Ndinagwira cholemberacho ndi chala chomwe chija cha chipsera. Kuseri kwa sukulu kunali tambala wa a Domingu kapena wa munthu wina, sindikudziwa, koma ndinamumva akukonza kukhosi, ndipo ndinadziwa kuti ndikalemba dzina langa alira, ndipo ndidzamumva moyo wanga wonse.

“Sindisaina, Senyolo Diretolo.” Ndinawabwezera cholembera. “Mwanayu si wamisala. Wachita ntchito imene tinamupatsa. Ngati pali wolakwa ndi ine, amene ndinafuna kumubisa.”

A Inshipetolo anatsitsa dzanja. Anayang'ana relojo yawo. Anandifunsa kuti intelevalo imayamba nthawi yanji, ndinawauza kuti 9:30. Anayang'ananso. Kenako anagwira mkono wa a Diretolo n'kuyerekeza, napeza kuti relojo ya a Alfazema inali m'mbuyo ndi mphindi makumi awiri, ndipo sinkadziwika kuti inayamba liti. Sanaseke. Anali atakwiya ndithu, chifukwa anadulidwa asanafike pa mtendere. Anandifunsa za mwanayo, ndipo ine, amene ndinali nditaphunzira kanthu kamodzi, ndinati afunse amake. Amake Mena anafotokoza m'Chinyanja, ine ndikumasulira, za nyundo, za thonje, za ndiwo. Tili pakati, chitsulo chinaliranso, ndipo ana onse anabwerera pamizere okha, popanda ndodo, popanda kukuwa.

Mlendo anayang'ana mizereyo nthawi yaitali. “Ndayenda sukulu zambiri chaka chino,” anatero. “Kwina ndinapeza chitsulo, nthawi palibe. Kwina ndinapeza aphunzitsi palibe.” Anatenga pepala lija, analipinda kanayi, naliika m'thumba lake la malaya. Kenako anakwera pa chitsa chake napitiriza pomwe anasiyira. Koma ndinaona kuti maso ake ankapita kumtengo wa mango kawirikawiri, ndipo Mena atangoimirira n'kukonza chipewa, munthu uja anadumpha zaka zitatu za mbiri ya dziko, nathokoza onse, natsika.

Moatize, 1996 ndi zaka zotsatira

A Alfazema sanandikalipire. Anachita choposa pamenepo. Analemba kalata yonditamanda kwambiri, mwakuti akuluakulu anaona kuti mphunzitsi wotere sayenera kuwonongekera kumalire, ndipo ananditumiza ku Moatize. Inu amene munabadwira kuno simudziwa kuti kutentha kumeneku n'chilango, chifukwa simunakhalepo pa Zobue m'mwezi wa Juni. Ine ndinatsika m'kamiyawo n'kukumbukira anyamata atatu aja a m'ng'anjo, kusiyana kwake n'koti iwo anatulukamo tsiku lomwelo. Ana a kuno ankalankhula Chinyungwe, ndipo chaka choyamba ankandiseka ine m'malo moti ine ndiwakalipire.

Chimene chinkandisowetsa mtendere chinali Mena. Pepala lina likanalembedwa tsiku lililonse, ndipo wokana kusaina anali atachoka. Relojo ndinaisiya pa Zobue, ndipo amayi anu anandikumbutsa za ichi mpaka chaka chimene anatisiya. Patatha miyezi ingapo a Domingu anabwera kudzagulitsa mbaula pa msika wa kuno, ndipo ndinawafunsa mtima uli m'mwamba.

“Alipo, akumenya,” anatero. “A Inshipetolo aja anakatchula sukulu yathu pa msonkhano kuti ndi yosunga nthawi. Tsopano a Diretolo amauza aliyense kuti nzeru imeneyo inali yawo. Thonje akugula okha. Tsiku lina Mena anadwala malungo, a Diretolo anabwera kunyumba ndi tayi yawo kudzafunsa kuti achira liti.”

Ndinalemekeza Mulungu, amene amatha kugwiritsa ntchito ngakhale kunyada kwa munthu. Mena anabwereza makalasi ena, koma anatsiriza kalasi yachisanu.

Patapita zaka zambiri, migodi ya malasha itadzuka ndipo tauni itadzaza alendo, anatiitana aphunzitsi ku maphunziro a masiku atatu. Mtsikana wina wophunzira bwino anatiuza za ana amene sayang'ana m'maso, amene phokoso limawapweteka, amene amafuna zinthu ziziyenda mofanana tsiku ndi tsiku. Anati dzina lake ndi autizimo, si misala, si chiwanda, si kulera koipa. Anati tiziwachenjeza zinthu zisanasinthe, tizigwiritsa ntchito zithunzi, ndipo koposa zonse tizifunsa makolo. Ndinaseka mokweza mpaka anandifunsa ngati ndili bwino. Ndinati ndili bwino, kungoti maphunziro amenewa ndinachita kale, kwa mkazi wa wokhoma zidebe, ndipo malipiro ake ndinapereka chala. Ana otere ndinakumana nawo ena atatu m'zaka zanga za ku Moatize. Sanafanane ndi Mena, ndipo chitsulo sichikanathandiza aliyense wa iwo. Mmodzi ndinamulephera, ndipo ndimamutchulabe m'mapemphero. Koma kholo lililonse likabwera ndinkaluma lilime langa, n'kuyamba ndi funso.

Zobue, chaka chimene ndinapuma ntchito

Nditapuma, diretolo watsopano wa pa Zobue, mnyamata amene ndinamuphunzitsa ndekha kugwira pensulo, anandiitana kuti ndikalankhule kwa ana monga mmodzi wa oyambitsa. Sukulu ndinaipeza ili ndi denga, mabenchi, ndi jizi wa m'bokosi amene palibe ankamutafuna. A Alfazema anali atagona kalekale, Mayi Luwiza anali atasamukira kwa ana awo, a Domingu nawonso anali atapita. Koma mango uja analipo, chitsulo chinalipo, ndipo pansi pake panali mayi wa chipewa chaubweya, tsache lili pambali. Makolo a sukulu anali atagwirizana kalekale kuti Mena akhale wosesa ndi womenya chitsulo. Tinafuna kumuchotsa, ndipo tonse tinachoka, iye n'kutsala.

Ndinapita kukamupatsa moni. Sanandiyang'ane. Anayang'ana chala changa, nati, “Pulofesolo. Relojo inafa.” Anandionetsa ina yatsopano ya pakhoma, ndipo nkhani inathera pomwepo. Kwa ine inali moni wokwanira.

Diretolo anaimika ana pabwalo, ndipo ndinayamba. Ndinali nditalonjeza kuti ndilankhula mwachidule. Ndinayambira pa njinga imene tinabwera nayo kuchokera ku Malawi. Ndinafotokoza za denga, za njerwa, za chinangwa. Mzimu unandigwira, ndinalowa m'chipululu ndi ana a Israele, ndipo ndinkaona kuti ndikulankhula bwino kuposa masiku onse a moyo wanga. Ndinali nditangokweza dzanja kuti ndifike pa mfundo yaikulu, pamene kumbuyo kwanga ndinamva mawu amene ndinkawadziwa.

“Mena, ndikumenya.”

Ndinali ndi nthawi yokwanira kuika zala m'makutu, ndi kunena kuti Amen.